Chilumba cha Mayi Vera

Cornelio Namalomba anabadwira kufupi ndi Jali, ku Zomba, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri anaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina yoyendera ya komweko. Ntchito yake ankaidziwa, izi panalibe wotsutsa. Ankajambula mapu a Africa pa bolodi osachotsa choko mpaka mzere utakumana pomwe unayambira, ana ali kukamwa yasa. Chilema chake chinali chimodzi, kukana kugonja pa mtsutso. Ngakhale pa siwa, munthu akalakwitsa dzina la mtsinje, Cornelio ankamukonza pomwepo.

Anafika ku Dublin, ku Ireland, mu 2005 kudzachita maphunziro a chaka chimodzi. Masiku amenewo ntchito inali mbwee. Anapeza ganyu yolongedza makatoni m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Coolock, ganyuyo n'kusanduka ntchito, kenaka mkazi wake Susan ndi mwana wawo Joy anamutsatira. Za uphunzitsi anayesa, koma paliponse ankamuuza kuti mapepala ake akufunika kuwonjezera ichi ndi icho. Amalawi anzake kutchalitchi ankamuitanabe kuti aphunzitsi, iye n'kumavomera mokweza.

Mu 2009 zinthu zinatembenuka. Nyumba zomwe zinkamangidwa zinaima zili theka, anthu anayamba kufola pa maofesi ofunsira ntchito, ndipo Lachisanu lina kampani ya Cornelio inauza antchito onse kuti Lolemba asabwere. Anakhala pakhomo miyezi isanu. Pamapeto pake anachita kosi yaifupi yosamalira okalamba, n'kulembedwa ntchito pa nyumba ina ya okalamba kumpoto kwa mzinda. Ntchito yake inali kusambitsa, kudyetsa, kusintha zofunda zonyowa ndi kuperekeza anthu kuchimbudzi. Abale akumudzi akafunsa pa foni, ankangoti, "Pano ndili ku zaumoyo," n'kusintha nkhani msanga.

Mwa anthu amene ankawasamalira munali mayi Vera, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza ziwiri, aang'ono thupi koma a lilime lakuthwa. Sanakwatiwepo. Anabwera pa nyumbayo atagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo ankayenda pang'onopang'ono atagwira chitsulo choyendera. Kuiwala ankaiwala ndithu, magalasi awo ankawafuna ali pamphuno, koma dzina la wantchito aliyense ankalidziwa. M'bale amene ankawayendera anali mmodzi, Jared, mwana wa mchimwene wawo. Iyeyu anali mmisiri womanga nyumba, ntchito inali itamuthera, ndipo ankakonzekera zosamukira ku Australia monga ankachitira anzake ambiri chaka chimenecho.

Poyamba Cornelio ndi mayi Vera ankagwirizana. Tsiku lina masana, pa nthawi ya tiyi, anthu atadzaza m'chipinda chochezera, mayiwo anamufunsa ntchito yomwe ankagwira kwawo.

"Ndinali mphunzitsi wa jogalafe, mayi," anatero Cornelio, akukweza mawu pang'ono kuti anzake ogwira nawo ntchito amve.

"Ndiye chilumba chathu mukuchidziwa," anatero mayi Vera. "Lambay. Chili apa pomwepa, mukaima kugombe mumachiona. Ine ndinagwirako ntchito zaka khumi ndi zitatu, kukhitchini ndi kokama mkaka. Chilumba chimene chija linali phiri lophulika moto. Chomwe chinatsala ndi chitsa chake."

Cornelio anamwetulira. "Ayi, mayi. Mapiri ophulika ali ku Italy, ku Iceland, kwina uko. Kuno ku Ireland kulibe."

"Ndikuti linaphulika kalekale, anthu kulibe. Mwala wake ndi wobiriwira, wamawangamawanga oyera. Kulinso manda a anthu a m'sitima yomwe inasweka pamiyala. Ndiponso kuli timakangaru ting'onoting'ono, timadumphadumpha m'zitsamba. Ndinationa ndi maso angawa."

Mtsikana wina wogwira nawo ntchito anaseka. Cornelio nayenso anaseka. "Makangaru ali ku Australia, mayi, kumene akupita a Jared. Mwasakaniza nkhani ziwiri."

Mayi Vera anaika kapu pansi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena momveka chipinda chonse kuti, "Ngati mumaphunzitsa chonchi, n'chifukwa chake lero mukupukuta anthu kumbuyo."

Nkhalamba ina yaimuna inaphulika chiseko mpaka kutsokomola. Cornelio anatola makapu.

Pa nyumbayo wantchito aliyense, asanaweruke, ankalemba m'fayilo ya munthu amene wamusamalira: wadya bwanji, wagona bwanji, mutu wake uli bwanji. Madzulo amenewo Cornelio analemba kuti mayi Vera asokonekera, akunena za moto wotuluka m'nyanja ndi makangaru oyenda pafupi ndi Dublin, ndipo akalangizidwa akupsa mtima ndi kutukwana. Sanalembe bodza lenileni, anadziuza yekha. Mawa lake mayiwo anaiyambanso nkhaniyo, akufuna kumugonjetsa, iye n'kulembanso. Mkuja chimodzimodzi. Pa masabata atatu analemba kasanu ndi kawiri, ndipo Chingerezi chake cha uphunzitsi chinkamveka bwino kuposa cha antchito ena onse.

Mtsutsowo unawautsira mayi Vera chilakolako choona chilumba chawo. Kawiri konse anawapeza atatuluka pakhomo lakutsogolo ndi chitsulo chawo, ali pa geti, opanda jekete, akuti akufuna basi yopita kugombe. Manejala wa nyumbayo, mayi Deborah, nesi wochokera ku Tallaght, kumwera kwa mzinda, amene za zilumba za kumpoto sankazidziwa, anawerenga fayilo n'kuitana dokotala. Dokotala anabwera ali pa liwiro, anafunsa mayi Vera tsiku ndi mwezi, iwo n'kulakwitsa tsiku, kenaka n'kumuuza kuti mafunso ake ndi achibwana. Jared atafunsidwa anati azakhali akewo ankagwiradi ntchito m'nyumba za anthu ali mtsikana, koma kumene ankagwirako iye sakudziwa, ndipo za makangaruzo mwina wawasokoneza ndi iyeyo ndi nkhani zake za ulendo. Anasaina mapepala. Anagwirizana zowasamutsira ku chigawo cha pansi, cha anthu amene mutu unabalalikiratu, kumene chitseko chimatsegulidwa ndi nambala.

Ntchito yolongedza katundu wawo inagwera Cornelio. Mayi Vera anali atawatsitsa kale. Mu dirowa ya pansi, kuseri kwa masokosi, anapeza chitini cha mabisiketi. Munali kolona woduka, makalata akale, mwala waukulu ngati dzira la nkhuku, ndi chithunzi chimodzi. Mwalawo unali wobiriwira moderako, wamawanga oyera ngati mpunga womwazika. Pa chithunzipo panali mtsikana wovala epuloni, ataima pafupi ndi mpanda wamiyala, kumbuyo kwake nyanja. Kuseri kunalembedwa ndi pensulo: Lambay, 1957.

Anakhala pa bedi lopanda zofundalo, mwala uli m'manja. Miyala ankaidziwa. Iye yemwe ankaphunzitsa ana a fomu fili kuti mwala wotere umapangika chiphalaphala chamoto chikamazizira. Iye yemwe ankawauza kuti pali mapiri amoto amene anazima kalekale, n'kumawalozera chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, chimene chimaoneka kuchokera kwawo, kuti nachonso chinabadwa ndi moto wa pansi pa nthaka. Zonsezi ankazidziwa tsiku la tiyi lija. Mayiwo anachita kunena kuti linaphulika kalekale, koma iye sanamvetsere, poti ankamvetsera mawu ake omwe.

Tsiku lake lopuma litafika anapita ku laibulale ya ku Coolock, akuyembekeza pang'ono kuti mwina apeza kuti sanalakwe kwenikweni. Mayi wa pa desiki atangomva dzina la chilumbacho anamubweretsera mabuku awiri. Cornelio anawerenga ataimirira. Lambay chili pa mtunda wa makilomita anayi kuchokera kugombe la Portrane. Ndi chotsalira cha phiri lophulika la zaka zoposa mamiliyoni mazana anayi zapitazo. Anthu akalekale ankasema nkhwangwa kuchokera ku mwala wake wamawanga. Kunakhalako amonke. Mu 1854 sitima yaikulu yopita ku Australia inasweka pamiyala yake, anthu mazanamazana n'kumira, ena anaikidwa pa chilumba pomwepo. Lero kumakhala anthu ochepa chabe, osamalira munda, ziweto ndi nyumba ya eni chilumba. Pa tsamba lina panali chithunzi cha kanyama kotuwa kataima ndi miyendo iwiri pakati pa zitsamba. Bukulo linati dzina lake ndi walabi, m'bale wamng'ono wa kangaru, ndipo toyamba tinabweretsedwa pa chilumbacho m'zaka za m'ma 1950.

Anabweza mabukuwo osayang'ana nkhope ya mayi wa pa desiki, ngati kuti iwo akudziwa zomwe anachita.

Nkhaniyi anaisunga mumtima masiku anayi. Lamulungu, atabwera ku Misa, Susan akusita mayunifomu awo onse awiri, anamuululira zonse.

Susan anaimika simbi. "Ndiye gogoyo ali kotsekeredwa chifukwa cha inu, bambo a Joy?"

"Si ine ndekha. Anatulukanso pa geti kawiri. Dokotala anawayeza."

"Dokotalayo anawerenga za ndani?"

Susan anatenganso simbi, n'kupitiriza.

"Mawa mukanene kwa manejala."

"Mayi a Joy, mukudziwa mmene zinthu zilili. Akandichotsa ndikapeza kuti ina? Pepala lathu lokhalira muno likudalira ntchito yomweyi. Anthu eni dziko akusowa pogwira."

"Ndikudziwa. Ine shifiti andidula kale kawiri, simukundiuza zachilendo. Koma akanakhala mayi anu aku Jali, munthu n'kuwalembera kuti apenga chifukwa amuyankha mwano, inu mukanati chiyani?"

Mawa lake Cornelio sanapite kwa manejala. Sabata yonse sanapite. Ankafika pa chitseko cha ofesi, n'kupitirira ngati akukatenga matawulo. Anayamba kusinthana ndi anzake kuti asatumidwe ku chigawo cha pansi. Koma Lachinayi la sabata yachiwiri kunaperewera anthu, ndipo anamutuma kukathandiza kudyetsa chakudya chamasana kumeneko.

Anawapeza mayi Vera atakhala pa mpando wa mawilo, pakati pa bambo wina amene ankangoitana dzina limodzi mosalekeza ndi mayi wina amene ankang'amba pepala tizidutswatizidutswa. Chitsulo chawo choyendera anali atachiika pakona, poti kumeneko ankaopa kuti anthu angagwe. Tsitsi lawo, lomwe ankalipesa okha m'mawa uliwonse, linali litagona mbali imodzi. Nesi wa kumeneko anamunong'oneza kuti mayiwa masiku oyamba ankamenya chitseko ndi kukuwa, koma tsopano akhazikika, salankhulanso zambiri.

"Mwaswera bwanji, mayi Vera?" anatero Cornelio, atagwada ndi mbale ya supu.

Mayi Vera anamuyang'ana. Anamuzindikira, izi zinali zoonekeratu. Anatsegula pakamwa kuti alandire supuni. Cornelio anawadyetsa mbale yonse.

Atachoka pamenepo analowa mu ofesi ya mayi Deborah osagogoda. Anafotokoza ataimirira, maso ali pa kapeti: za tiyi, za chipongwe chomwe anamuyankha, za mwala, za mabuku. Ananena kuti zonse zomwe mayi Vera ankakamba n'zoona, ndipo iye analemba ali ndi mkwiyo.

Mayi Deborah anatulutsa fayilo n'kuwerenga masamba onse asanu ndi awiri, limodzilimodzi, iye ali chiimire.

"Mabukuwo munawaona liti?" anafunsa.

"Masabata awiri apitawo."

"Masabata awiri." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Nanenso ndili ndi mlandu, sindinafufuze. Koma inu, Cornelio, munadziwa, n'kumabwera kuntchito tsiku ndi tsiku, kumwa tiyi, mayi aja ali pansi paja."

Sanamuchotse ntchito. Anamupatsa kalata ya chenjezo, n'kumuuza kuti alembe ndi dzanja lake m'fayilo momwemo kuti zomwe analemba poyamba zinali zolakwika, asaine dzina lake lonse, kuti aliyense wotsegula fayiloyo aziona. Pofika mawa lake nyumba yonse inali itamva. Mtsikana amene anaseka nawo tsiku lija anasiya kumupatsa moni. Koma kubweza mayi Vera sikunali kwapafupi. Chipinda chawo chinali chitapatsidwa kale kwa munthu wina, dokotala woti awayezenso anali ndi mndandanda wautali, ndipo Jared anali atanyamuka, foni yake yakuno itazima.

Cornelio anapempha chinthu chimodzi, kuti amulole kuwatengera kugombe pa tsiku lake lopuma. Mayi Deborah anazengereza, kenaka analola, bola apite ndi nesi komanso pa minibasi ya nyumbayo.

Linali Loweruka la mwezi wa Malichi, mphepo ikuluma. Anafika ku Portrane cha m'ma leveni. Cornelio anakankha mpando wa mawilo mpaka pamene msewu unathera, n'kuwafunditsa mayiwo bulangete lachiwiri. Chilumbacho chinali patsogolo pawo, chachitali chammbali, chokwera chapakati, chobiriwira pamwamba ndi chakuda m'munsi momwe mafunde ankamenya. Chinali pafupi moti munthu ankatha kuona tinyumba toyera cha kugombe lake. Zaka zisanu ali mu mzindawu, mphunzitsi wa jogalafe anali asanachionepo.

Mayi Vera anachiyang'anitsitsa chilumbacho. Kenaka anatulutsa dzanja m'bulangete n'kuyamba kuloza. Apo ndi pokocheza maboti. Kuseri kwa mitengo ija ndi kunyumba yaikulu. Uko, kumene kukuuluka mbalame zambiri, ndi kumaphompho, kumene ankawaletsa kupita. Ankalankhula ndi nesi, osati ndi Cornelio. Anafotokoza kuti nyanja ikakwiya boti linkatha masabata awiri osabwera, shuga n'kutha, anthu n'kumamwa tiyi wopanda kanthu. Anafotokoza za m'mawa wina pamene anatuluka ndi ndowa ya mkaka n'kukumana maso ndi maso ndi kanyama kachilendo kaja, iwo kukuwa, iko kudumpha, mkaka wonse pansi. Nesiyo anaseka, mayi Vera nawonso anaseka pang'ono.

Cornelio anazungulira n'kugwada kutsogolo kwa mpando, bondo lili pamiyala yonyowa.

"Mayi Vera, ndinakulakwirani. Zonse munanena zija n'zoona. Ine ndinalemba m'fayilo kuti mwasokonekera, chifukwa munandichititsa manyazi pa anthu. N'chifukwa chake anakutsitsirani pansi paja. Ndikupepesa."

"Ndinadziwa kuti ndi inu," anatero mayiwo. "Enawo salemba zambiri."

"Ndakonza zomwe ndinalemba. Akubwezani kumtunda."

"Mawu aja ndinakuyankhani aja anali oipa, ndikuvomera. Koma ine ndinakunenani pamaso, anthu akumva, inu muli pomwepo kuti muyankhe. Inu munakandinena papepala, ine osaona." Anabweza dzanja m'bulangete. "Tasunthani, mwanditchinga."

Anasuntha. Anakaima kumbuyo kwa mpando mpaka mayiwo atanena okha kuti azizidwa. Pobwerera m'minibasi mayi Vera anagona tulo, mutu utatsamira pa phewa la nesi.

Dokotala anawayezanso mwezi wa Meyi, ndipo mu Juni malo atapezeka anawabweza kumtunda, m'chipinda cha anthu awiri. Miyezi yomwe anakhala pa mpando wa mawilo inawafooketsa miyendo, sanayendenso okha. Kulankhula anayambiranso, ndipo antchito atsopano ankauzidwa tsiku loyamba kuti mayi Vera akayamba nkhani ya chilumba, n'zoona zonse.

Sabata yomwe anabwerera kumtunda, mayi Deborah anamuitana Cornelio mu ofesi. Anamuuza kuti mayi Vera apempha kuti asamasambitsidwe kapena kudyetsedwa ndi iye. Sanakwiye, anatero manejala, angoti sakufuna. Cornelio anati wamva. Anamusamutsira ku mbali ya abambo, kumene anagwira ntchito zaka zonse zotsatira, ndipo m'fayilo ankalemba mawu a munthu monga momwe wawanenera, osawonjezera maganizo ake.

Mayi Vera anakhala ndi moyo mpaka kumayambiriro kwa 2012. M'miyezi yonseyo ankakumana m'khonde kawiri kapena katatu pa sabata, wina akuwakankha kupita kodyera. Cornelio ankaima pambali, msana ku khoma, kuti mpando udutse.

"Mwadzuka bwanji, mayi Vera?"

"Ndadzuka, bambo Namalomba," ankayankha choncho mwaulemu, maso ali kutsogolo, mpando n'kupitirira.